Mafupa a Polycarp ndi mkangano umene sunathe

Cha m'ma 155, mumzinda wa Smyrna, umene lero ndi Izmir m'dziko la Turkey, boma la Aroma linapha nkhalamba ina dzina lake Polycarp, episkopi wa mpingo wa mumzindawo. Atamuuza kuti atukwane Khristu kuti amumasule, iye anayankha kuti wamutumikira zaka 86 ndipo sanamulakwirepo, nanga angachitire bwanji mwano Mfumu imene inamupulumutsa. Anamuyatsa moto pabwalo la masewero, kenaka anamubaya.

Zimene zinachitika atafa ndizo zandikhazika pansi kuti ndilembe. Akhristu anafuna kutenga mtembo, koma adani awo anakadandaula kwa bwanamkubwa kuti asawapatse, ati angasiye Wopachikidwa uja n'kuyamba kupembedza Polycarp. Mtembo unatenthedwa. Akhristu anatolabe mafupa otsala, amene m'kalata yawo anati ndi amtengo wapatali kuposa miyala yodula ndi golide, nakawaika pamalo oyenera. Anati azisonkhana pomwepo kukumbukira tsiku limene anaphedwa, lomwe iwo analitcha tsiku lake lobadwa. Ndipo pa mlandu uja wakuti angayambe kumupembedza, anayankha mosapita m'mbali: Khristu timamupembedza chifukwa ndi Mwana wa Mulungu, koma ofera chikhulupiriro timawakonda monga ophunzira ndi otsanzira Ambuye.

Malire amenewa ndi amene ndikufuna kuwaikira kumbuyo, chifukwa mbali zonse ziwiri za mkangano wa oyera zinawaphonya, iliyonse mwa njira yake. Ine ndinaleredwa mumpingo umene suitana oyera m'pemphero, ndipo mpaka lero sindiwaitana. Komabe zimandipweteka ndikamva Akatolika akutchedwa opembedza mafano ndi anthu amene sanamvepo n'komwe dzina la Polycarp. Zimandipwetekanso ndikamva Mkatolika akunena kuti zonse zimene zikuchitika lero zinachokera kwa atumwi osasintha kanthu. Mbiri sivomereza mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Ambiri a ife tinauzidwa kuti mpingo unali wosadetsedwa mpaka mu 313, pamene mfumu Constantine inalola Chikhristu, ndiye akunja analowa ndi milungu yawo n'kungoisintha mayina. Koma kalata ya ku Smyrna inalembedwa pafupifupi zaka 150 izi zisanachitike. Pa chizunzo cha mu 250, Cyprian, episkopi wa ku Carthage kumpoto kwa Africa, analembera atsogoleri a mpingo wake kuti azilemba masiku amene Akhristu akufera m'ndende, kuti mpingo uzidzawakumbukira. Iye mwini atagwada kuti adulidwe mutu mu 258, abale anayala nsalu patsogolo pake kuti zilandire magazi. Ku Roma, pansi pa tchalitchi cha San Sebastiano, makoma ali ndi timawu tambirimbiri tolembedwa m'zaka za m'ma 200, ndipo kena kamati: Paulo ndi Petro, mupempherereni Victor. Anthu amene ankachita zimenezi ndi omwewo amene ankaphedwa chifukwa chokana kuponya kalubani pamoto wa fano la mfumu. Munthu wololera kufa m'malo mofukiza lubani kwa fano amadziwa bwino chimene kupembedza kuli. Kumutcha wopembedza mafano n'kumulakwira.

Koma nayenso wonena kuti palibe chimene chinasintha akuyenera kuwerenga kalata yomweyi mofatsa. Mulibe pemphero lopita kwa Polycarp. Muli kukumbukira, muli chikondi, muli kusunga mafupa, ndipo cholinga chatchulidwa: kukumbukira amene anamenya kale nkhondo ndi kukonzekeretsa amene adzaimenye. M'makalata a Paulo, oyera mtima ndi Akhristu amoyo a ku Korinto ndi ku Efeso, anthu okangana ndi ophophonya ngati ife. Stefano ataponyedwa miyala, buku la Machitidwe limangoti anthu oopa Mulungu anamuika m'manda namulira kwambiri. Kukumbukira kunayamba, kupempha kunabwera pambuyo, ndipo zina zonse zinakula pang'onopang'ono.

Pamene Constantine akuyenera kutchulidwa ndi pa kukula kumeneku. Chizunzo chitatha, manda a ofera chikhulupiriro anasanduka matchalitchi akuluakulu, ngati chija anamanga pa phiri la Vatican pamene ankakhulupirira kuti panagona Petro. Mu 386 Ambrose wa ku Milan anafukula mafupa a Gervasius ndi Protasius n'kuwaika pansi pa guwa la tchalitchi chake chatsopano. Mu 415 kunamveka kuti mafupa a Stefano apezeka kufupi ndi Yerusalemu, ndipo tizidutswa take tinafalikira mpaka ku Africa. Chaka chija cha 386, mfumu Theodosius inakhazikitsa lamulo loletsa kusamutsa mitembo ndiponso kugawa kapena kugulitsa matupi a ofera chikhulupiriro. Lamulo siliikidwa pa chinthu chimene palibe akuchita. Mu 401 maepiskopi atasonkhana ku Carthage analamula kuti maguwa amene anthu ankamanga m'minda ndi m'mbali mwa misewu chifukwa cha maloto, popanda mtembo wa woyera aliyense, agwetsedwe.

Chimene ndimachikonda m'mbiri ya nthawi imeneyi n'chakuti abusa sanagone. Monica, mayi wa Augustine amene anadzakhala episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, atafika ku Milan ananyamula dengu la phala, buledi ndi vinyo kupita nalo kumanda a oyera, monga ankachitira kwawo ku Africa. Mlonda wa pakhomo anamubweza, ati episkopi Ambrose analetsa. Zifukwa zinali ziwiri: ena ankapezerapo mpata woledzera, ndiponso mwambowo unkafanana kwambiri ndi maphwando amene akunja ankachitira makolo awo akufa. Monica anamvera osawiringula, ngakhale kuti iye ankangolawa kakapu kamodzi kosakaniza ndi madzi. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa banja wokambirana ngati pa chiliza cha agogo pafulidwe mowa kapena ayi, nkhani ya Monica aimva popanda womumasulira.

Mwana wake anamenya nkhondo yomweyo ku Hippo mu 395, pamene anthu ankafuna kudya ndi kuledzera m'tchalitchi pa tsiku la Leontius, woyera wa mumzindawo. Anawalalikira mpaka iwo ndi iye yemwe anagwetsa misozi. Koma Augustine yemweyo ndi amene anateteza ulemu wa ofera chikhulupiriro pamene Faustus, mphunzitsi wa chipembedzo cha Mani, ananena kuti Akhristu angosandutsa mafano kukhala oyera. Anayankha kuti guwa limamangidwira Mulungu wa ofera chikhulupiriro, osati iwowo, ndipo palibe episkopi amene anaimapo paguwa n'kunena kuti tikupereka nsembe kwa inu Petro, kapena Paulo, kapena Cyprian. Kenaka anavomera chinthu chimene ndikanakonda mbusa aliyense atamachivomera: chimene timaphunzitsa n'china, chimene timangochipirira n'china. Ankadziwa kuti zimene zili m'chiphunzitso si zonse zimene zili m'mitima ya anthu odzaza tchalitchi.

Munthu amene ndikuganiza kuti mbiri inamuchitira nkhanza ndi Vigilantius, wansembe wa ku Gaul, dera limene lero kwakukulu ndi France. Iye anafunsa chifukwa chake anthu akupsompsona kafumbi kokulungidwa m'nsalu yodula, ndi kuyatsa milu ya makandulo dzuwa likuswa mtengo. Ananenanso kuti tikhoza kupemphererana tikadali moyo, koma munthu akafa mwayi umenewo watha. Zolemba zake zinatayika, ndipo timangomumva kudzera mwa mdani wake Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, amene anamuyankha kuchokera ku Betelehemu mu 406. Dzina lakuti Vigilantius limatanthauza wokhala maso, koma Jerome anamunyoza pomutcha Dormitantius, kutanthauza wosinza. Pakati pa chipongwecho pali mfundo imodzi yolemera: ngati atumwi ndi ofera chikhulupiriro ankatha kupempherera anzawo akadali m'thupi, pamene anali ndi nkhawa za iwo eni, kuli bwanji atalandira kale nkhata ya chipambano?

Mfundo imeneyi sindiipeputsa, ndipo abale anga amene amangoiseka sanaiganizire. Buku la Chivumbulutso limaonetsa mizimu ya ophedwa ikufuula pansi pa guwa, ndiponso akulu atanyamula mbale za zofukiza zimene ndi mapemphero a oyera mtima. Kalata ya Ahebri imati tazingidwa ndi mtambo waukulu wa mboni. Yesu anati Mulungu si wa akufa koma wa amoyo. Kuti amene ali ndi Khristu amakonda mpingo ndi kuupempherera, sindivutika kukhulupirira. Pamene ndimaima ndi pa phazi lotsatira. Kunena kuti amatipempherera n'kwina, kunena kuti amandimva ine ndikawaitana m'chipinda mwanga n'kwina, ndipo Malemba sandipatsa lonjezo limeneli. Augustine mwini, atakalamba, analembera Paulinus wa ku Nola kuti momwe ofera chikhulupiriro amathandizira amoyo ndi nkhani yopitirira nzeru zake. Anawonjeza kuti akanakhala kuti akufa amalowerera mwachisawawa pa nkhani za amoyo, mayi ake, amene anamutsatira pamtunda ndi panyanja, sakanalephera kumuyendera usiku uliwonse. Funso la Vigilantius linakwiriridwa ndi chipongwe lisanayankhidwe mokwanira, ndipo funso lokwiriridwa motero limadzaphukanso.

Kum'mawa mkangano unatembenukira ku zithunzi. Kuyambira cha m'ma 726 mafumu a ku Constantinople analimbana nazo, ndipo msonkhano wa ku Hieria mu 754 unaziletsa. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 unazibwezeretsa, ndipo nkhondoyo inatheratu mu 843. Chimene msonkhano wa 787 unachita ndi kusiyanitsa mawu awiri a Chigiriki. Latreia ndi kupembedza koyenera Mulungu yekha. Proskynesis ndi kuwerama kopereka ulemu, kumene kungapite kwa oyera ndi zithunzi zawo. Koma zigamulozi zitamasuliridwa m'Chilatini, womasulira sanawasiyanitse mawuwo, ndipo akatswiri a Charlemagne, mfumu ya kumadzulo kwa Ulaya, anawerenga ngati Agiriki alamula kuti zithunzi zizipembedzedwa monga Mulungu. Msonkhano wa ku Frankfurt mu 794 unakana chimene Agirikiwo sananene.

Ife olankhula Chichewa tiyenera kukhala oyamba kumvetsa kusiyana kumeneku. Mwana amagwada popereka madzi kwa agogo ake, mkamwini amanjuta pamaso pa apongozi, anthu amawomba m'manja pofika kwa mfumu, ndipo palibe amene amati akupembedza. Tili ndi mawu akuti kulemekeza, tili ndi akuti kupembedza. Mayi amene akupemphera kolona akamati "mutipempherere ife ochimwa", akupempha Maria kuti apemphere, ndipo wopemphedwa kupemphera ndiye kuti si iye mwini mphamvu. Mawondo okha sangakuuzeni chimene chili mumtima. Mlandu woweruza poona mawondo ndi umene ndikupempha abale a mbali yanga kuti tiusiye.

Koma mawu okha sanathe kulondera malirewo, ndipo apa John Calvin, mmodzi wa atsogoleri a Chiprotestanti, anali ndi mfundo pamene ankati kusiyanitsa kwa akatswiri sikufika mumtima wa munthu wamba. Chimene chinawagumula kwenikweni ndi ndalama. Augustine anali atadandaula kale za amonke oyendayenda ogulitsa ziwalo za ofera chikhulupiriro, ngati analidi ofera chikhulupiriro. Mu 1215 msonkhano wachinayi wa ku Lateran unaletsanso malonda a zotsala za oyera, n'kulamula kuti zatsopano zisalemekezedwe Papa asanavomereze. Komabe pofika 1520, kalonga Frederick wa ku Saxony anali atasonkhanitsa tizidutswa toposa 19,000 m'tchalitchi cha Oyera Onse ku Wittenberg, ndipo wobwera kudzationa n'kupereka chopereka ankalonjezedwa kuchepetseredwa zaka za mu purigatoriyo. Mfundo 95 za Martin Luther, zotsutsa malonda a malonjezo otere, zili ndi deti la 31 Okutobala 1517, tsiku limene m'mawa mwake munali chikondwerero cha Oyera Onse.

Luther yemweyo, mu 1505, mphezi itagwa pafupi naye panjira, anafuula kwa Anna Woyera kuti amuthandize ndipo adzakhala mmonke. Mnyamata wophunzira, wobatizidwa, pa mphindi imene anaona imfa, dzina limene linatuluka pakamwa pake silinali la Yesu. Kwa ine muyeso weniweni ndi umenewu, woposa mawu onse a Chigiriki. Mphezi ikagwa, mumathawira kwa yani? Ngati Khristu wasanduka woweruza woopsa amene simungamufikire popanda kuzembera kwa wina wachifundo kuposa iye, malire a ku Smyrna adumphidwa, kaya chiphunzitso cha m'buku chikhale cholondola chotani. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mfumu Hezekiya inaphwanya njoka yamkuwa imene Mose anapanga molamulidwa ndi Mulungu, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Chinthu choyamba bwino chikhoza kufika poyenera kuphwanyidwa.

Chodabwitsa n'chakuti zikalata za mbali ziwirizi zili pafupi kuposa zidzukulu zawo. Chivomerezo cha ku Augsburg cha mu 1530, cha otsatira Luther, chimati oyera azikumbukiridwa kuti titsanzire chikhulupiriro ndi ntchito zawo zabwino, koma asaitanidwe, pakuti Mkhalapakati ndi mmodzi. Chaka chotsatira Philip Melanchthon, mnzake wa Luther, anavomera kuti oyera kumwamba amapempherera mpingo wonse. Msonkhano wa Akatolika wa ku Trent, mu Disembala 1563, unati kuwapempha n'kwabwino ndi kothandiza, koma zabwinozo zimachokera kwa Mulungu kudzera mwa Yesu Khristu, amene yekha ndiye Muomboli ndi Mpulumutsi. Unalamulanso kuti zikhulupiriro zopanda maziko, phindu lonyansa ndi kuledzera pa zikondwerero za oyera zichotsedwe, zomwe ndi kuvomera kuti zinalipo. Kusiyana kumene kunatsala n'kwenikweni, sindikukubisa. Koma n'kocheperapo kuposa chidani chimene kunabala: ziboliboli kuchotsedwa m'matchalitchi a ku Zurich mu 1524, manda a Thomas Becket, episkopi wolemekezedwa monga woyera, kuphwasulidwa ku Canterbury mu 1538, ndi magazi ambiri pambuyo pake.

Kuno mkanganowu unafika uli wopsa kale. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889 ali ndi chiphunzitso cha katekisma wa ku Heidelberg, wolembedwa chaka chomwecho cha 1563, amene amatsutsa kufunafuna chipulumutso kwa oyera. Ansembe achikatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902 ali ndi chiphunzitso cha ku Trent. Makolo athu analandira mayankho a mbali ziwiri asanamve momwe funso linayambira.

Ndipo mbali yanga inataya chinthu chimene ngakhale Augsburg sanati titaye. Poopa kupembedza oyera, tinasiya ndi kuwakumbukira komwe. Mbiri ya mpingo imene ambiri tinaphunzira imalumpha kuchoka pa Paulo kukafika pa Luther ngati pakatipo panalibe Mkhristu. Perpetua, mayi wa zaka pafupifupi 22 amene anali ndi mwana woyamwa, ndi Felicity, kapolo amene anachira ali m'ndende, anaponyedwa ku zilombo ku Carthage mu 203. Ndi Akhristu a ku Africa kuno, koma ine ndinakula osamva mayina awo paguwa. Ku Namugongo m'dziko la Uganda, pa 3 Juni 1886, anyamata achikatolika ndi achiangilikani anatenthedwa pamodzi molamulidwa ndi mfumu yawo, Kabaka Mwanga. Akatolika amabatiza ana awo mayina a Kizito ndi Lwanga, n'kutcha mayina omwewo matchalitchi ndi miphakati yawo. Mwana wotchedwa Kizito tsiku lina amafunsa kuti dzinali linachokera kuti, ndipo amamva za mnyamata wamng'ono amene anasankha moto m'malo mokana Khristu. Ana athu akumva za yani?

Malo amene tinawasiya opanda kanthu sanakhale choncho. Mtima wa munthu umafuna wina wooneka womutsanzira, ndi chinthu chogwirika chosunga m'thumba. Lero m'mizinda yathu muli anthu amene amatcha Akatolika opembedza mafano, koma chithunzi cha mneneri wawo chili pagalimoto ndi pachitseko kuti chiwateteze. Amagula madzi ndi mafuta odzozedwa pa mtengo woikika, ndipo popemphera amaitana Mulungu wa mneneri wakutiwakuti, ngati kuti paokha sangamvedwe. Amatchula nsalu za Paulo za m'buku la Machitidwe, zomwenso oteteza mafupa a oyera ankatchula pamodzi ndi mafupa a Elisa amene anaukitsa wakufa. Koma Paulo sanagulitse nsalu, ndipo Simoni atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamutemberera. Zimene Luther anaziona ku Wittenberg zabwereranso, ndipo ulendo uno zili pakati pa anthu odzitcha zidzukulu zake. Zandiwawa kuona abale akupereka ndalama ya feteleza kuti agule kabotolo. Ndipo n'zoopsa kuposa zakale zija, chifukwa Akhristu a ku Smyrna analemekeza munthu amene anali atamaliza kale mpikisano wake, pamene wamoyo akhoza kugwa mawa n'kugwetsa onse omutsamira.

Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku la Polycarp ndi 23 Febuluwale. Ansembe amene amalisunga kale awerengere anthu awo mawu aja osiyanitsa kupembedza ndi kukonda, ndipo afunse mosanyengerera ngati m'nyumba za akhristu awo kandulo wa pa chiboliboli sanawale kuposa Khristu. Abusa a mbali yanga, amene sanalisungepo, atenge kalata yomweyo aiwerenge pamaso pa mpingo, popeza kuwerenga si kupembedza. Anthu amve momwe asilikali anamupezera nkhalambayo madzulo m'kanyumba ka kumunda, iye n'kutsika kudzawalonjera, n'kulamula kuti awapatse chakudya ndi chakumwa monga angafunire. Anangowapempha ola limodzi lakuti apemphere. Anaimirira n'kupemphera maola awiri, akutchula onse amene anakumanapo nawo, aang'ono ndi aakulu, otchuka ndi osatchuka, ndi mpingo wonse wa pa dziko lapansi. Atamaliza anamukweza pabulu n'kulowa naye mumzinda.